Madzi Obiriwira M'tayala Langa

Njinga yanga ndinaigula nditagulitsa mpunga chaka chimene bambo a ana anga anatisiya, ndipo kuyambira pamenepo ndiyo inakhala khasu langa. M'mawa ndinkatsikira kudoko kwathu kwa Malengachanzi kukapikula nsomba zaziwisi, utaka kapena mbaba, n'kumangirira beseni pakaliyala, ulendo wa ku Boma. Njira yachidule yotulukira kumsewu wa tala imadutsa m'mitete, ndipo minga ya kumeneko ilibe chisoni. Pa sabata tayala linkaphwa kawiri, nthawi zina katatu. Likaphwa umakankha njinga dzuwa likukwera, ntchentche zikulondola beseni, ukamafika pamsika nsomba zatuwa maso, ogula akungonunkhiza n'kudutsa.

Ndineneretu kuti ine sindinabadwe wokhulupirira anthu msanga. Munthu akandimwetulira kwambiri ndimayamba ndagwira pamfundo ya chitenje. Amayi anga ankati ndinatengera azakhali, amene ankanunkhiza madzi asanamwe ngakhale atatunga okha.

Kuseri kwa nyumba yanga kunkakhala mkulu wina wochokera kumpoto, amene anabwera kuno ali mnyamata kudzapha nsomba, n'kukhazikika. Mudzi wonse tinkangowatchula kuti Adada, monga amaitanirana kwawoko. Mphamvu zopalasira bwato zinali zitawathera, mayi a kunyumba kwawo anamwalira kalekale, ndiye ankadya za manja awo, kusoka maukonde. Asodzi ankabwera ndi maukonde ong'ambika n'kuwaunjika patsinde pa mango a pakhomo pawo. Iwo amakhala pamkeka tsiku lonse, chala cha kuphazi chitakola ukonde, ulusi pakamwa. Sanali munthu wolankhulalankhula. Ine kukhala chete kumeneko ndinkakuona ngati kubisa zinazake, ngakhale kuti sanandilakwirepo kanthu.

Tsiku lina anafika pakhomo panga chipewa chili m'manja.

"Mama, kwagwa zovuta ku Dwangwa. Mlamu wanga watisiya. Mungandibwerekeko njinga masiku atatu?"

Mumtima ndinakana, pakamwa ndinavomera. Wopita kumaliro sumukaniza njinga.

Kwathu kuno wobwereka chinthu sabweza chimanjamanja. Ukabwereka mtondo umasiyamo kaufa, ukabwereka poto umaikamo tinsomba, ndipo sunena, mwini wake amakazipeza yekha. Ukanena zimakhala ngati ukumulipira, kapena ukufuna akuombere m'manja. Ndiye Adada atabweza njinga tsiku lachinayi, n'kungoti "yewo chomene, mama," n'kumapita, ine ndinaizungulira kufunafuna. Pakaliyala panalibe nzimbe, panalibe kaphukusi. Tcheni chinali chouma monga ndinawapatsira. Ndinati mumtima, mdala woumira uyu, wandithera matayala ulendo wonse wa ku Dwangwa osasiyapo ngakhale kamtedza.

Sabata inatha tayala osaphwa. Yachiwiri inathanso. Mwezi unakwana pampu ili pakhoma, akangaude atayamba kumangapo. Munthu wina akanathokoza Mulungu n'kupitiriza geni yake, koma ine ndinayamba kusowa mtendere. Njira inali yomweyo, mitete yomweyo, katundu yemweyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinkati ndikafika pamsika ndimapapasa matayala onse awiri, olimba gwa, ndipo m'malo mokondwa ndinkachita nthumanzi.

M'mawa wina ndikutuluka m'mitete muja ndinamva kachinthu kakugunda pa madigadi, ta, ta, ta. Nditatsika ndinapeza munga wautali ngati chala utabaya tayala lakutsogolo. Ndinauzula, ndikudziwa kuti lero ndikankha. Mpweya unayamba kutuluka, kenaka pabowo paja panatuluka timadzi tobiriwira, tonanda ngati therere, n'kuchita kathovu. Mpweya unasiya. Ndinaima pamenepo kuyang'ana tayala lodzipoletsa lokha bala. Ndinapukuta chala paudzu kambirimbiri, n'kutchula dzina la Yesu ndisanakwerenso.

Masiku omwewo bondo langa lakumanja linayamba kutupa. Lero ndikudziwa kuti mayi wa zaka zanga wopalasa njinga ndi beseni la nsomba tsiku ndi tsiku bondo liyenera kumudandaula. Koma nthawi imeneyo ndinawerenga masiku m'mbuyo n'kupeza kuti linayamba njinga itabwera kuchokera ku Dwangwa. Ndinayamba kuwasuzumira Adada pampanda. Akayang'ana kwathu ndinkati akuona ngati zagwira. Akapanda kuyang'ana ndinkati akudziwa chimene achita.

Chinaulula zonse ndi botolo losweka pafupi ndi msika, limene linang'amba tayala lakumbuyo ngati mpeni. Apo timadzi tija sitinathe kanthu, tinangotayikira pamsewu. Ndinakankhira njinga kwa mkulu wina wachisilamu wokonza njinga, amene ankandimatira machubu zaka zonsezi. Panali akabaza anayi kapena asanu akudikira njinga zawo. Mkuluyo anatulutsa chubu, manja onse n'kuterera. Anapala, anapaka solushoni, anaika chigamba, chigamba n'kumatuka. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenaka anadula chubu chija ndi lumo n'kukhuthulira pansi. Anatapa pang'ono, n'kutikita pakati pa zala, n'kuyang'anitsitsa padzuwa.

"Wallahi, mayi, ntchito iyi ndinayamba ndisanakwatire, koma izi sindinazionepo. Taonani, muli tsitsi umu. Njingayi mumabwereketsa?"

Munalidi tinthu tating'onoting'ono ngati tsitsi lometa. Akabaza aja anasendera pafupi. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, ndikanatha kupita kunyumba kukafunsa kuseri kwa mpanda wanga womwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ndinali nditasunga nkhaniyi m'mimba mwezi wathunthu, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma kuti tsopano ena aona zimene ndinkaona ndekha.

"Palibe wina anaigwira," ndinatero, "koma achikulire oyandikana nane aja. Anapita nayo kumaliro ku Dwangwa."

"Akumpoto osoka maukonde aja?" anafunsa wakabaza wina wa kwathu komweko. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Nkhani inakwera kabaza n'kukafika kumudzi ine ndisanafike. Pamjigo madzulo ake amayi anandizungulira, aliyense ndi chidutswa chake. Pofika Lamulungu inali itakula, itamera mano. Ankati tsitsilo linali la kumeta kwa maliro aja, analitola n'kulisakaniza ndi zitsamba kuti mwayi wanga wa geni uzipita kwa mwana wawo wa ku Dwangwa. Ena ankati n'chifukwa chake mayi a kunyumba kwawo anafa mosadziwika bwino, chonsecho tonse tinkadziwa kuti anadwala chifuwa zaka ziwiri. Ine sindinawonjezepo, komanso sindinatsutse. Ndinkangokweza chitenje pang'ono kuonetsa bondo.

Msodzi ndi munthu wamantha pa zida zake. Amene waika zinthu m'tayala la mnzake angalephere bwanji kuika mu ukonde? Woyamba anali bambo wina amene bwato lake linabwera lopanda kanthu masiku atatu otsatizana. Anapita kukatenga ukonde wake uli wosokedwa theka, osapereka ndi moni womwe. Ena anatsatira mmodzimmodzi. Pasanathe sabata ziwiri, mulu wa patsinde pa mango unatha. Ndinkawaona Adada pampanda atakhala pamkeka pomwe paja, manja ali pamaondo. Utsi pakhomo pawo unayamba kuoneka kamodzi pa tsiku. Sanabwere kudzandifunsa, ndipo ine ndinati ndi umboni umenewo, wosalakwa akanabwera.

Loweruka lina masana panaima njinga yamoto pakhomo panga. Anatsika bambo wamtali, mwana wawo woyamba wa Adada, amene amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Anakana mpando. Anatulutsa m'chikwama botolo la pulasitiki lokhala ndi kapaipi kukamwa, n'kuliika pakhonde panga. M'kati munali madzi omwe aja obiriwira.

"Amama, mukuwadziwa awa?"

Ndinabwerera m'mbuyo. Iye anatsegula, n'kuthira pang'ono pachikhatho chake, n'kundionetsa titsitsi tija.

"Awa timagula m'sitolo. Kwathu kuja zitsa za nzimbe zimabaya kuposa minga yanu, ndiye a njinga zamoto ndi a mathirakitala timathira m'matayala. Umachotsa kachitsulo ka pa valavu, umathira, umapopa, basi. Tayala likamazungulira amayenda m'kati monse. Pakabowoka, mpweya umawakankhira pabowo, tiulusi iti timatseka. Si tsitsi la munthu ili."

Anapempha msomali. Pamaso panga ndi pa anthu amene anali atayamba kusonkhana, anaukhomera m'tayala la njinga yake yamoto ndi mwala, n'kuuzula, n'kuzunguza wilo. Kathovu kobiriwira kanatuluka, mpweya n'kusiya.

"Maliro atatha adada anandipeza ndikuthira," anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Anati, mwana wanga, ndigawireko. Mama wandibwereka njingayi amavutika ndi minga, nsomba zimamuwolera panjira, ana ake akudalira iyeyo. Ndinati bwanji osangomutengera nzimbe? Anati nzimbe atafuna tsiku limodzi. Tinathira matayala onse awiri. Ndinawauza kuti akakuuzeni, anati zobweza nazo njinga sanena."

Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Mwezi wonse umene ndinkafika pamsika nsomba zili zonyezimira, n'kumagulitsa zonse dzuwa lisanafike pamutu, unali mphatso ya munthu amene ndinkamusuzumira pampanda ngati njoka.

Mawa lake ndinagwira tambala wanga, n'kupempha mayi wina wamkulu wa kutchalitchi kwathu kuti andiperekeze. Ndinagwada pamkeka paja n'kupepesa, misozi ikutsika. Adada analandira tambala ndi manja awiri.

"Zatha, mama. Munachita mantha, ndi umunthu umenewo."

Ndinayenda ponseponse pamene nkhani inadutsa. Ndinanena pamjigo, ndinanena kudoko asodzi akugawana nsomba, ndinanena kwa wokonza njinga uja akabaza ali pomwepo. Anthu ankandimvera, ena n'kuseka, koma madzi akatayika sawoleka. Nkhani yabodza ija inayenda pa kabaza, yoonayi inkayenda wapansi, ndi bondo lotupa. Ena anati mwana wawo wandiopseza. Ena anati tsopano ndiye Adada andidyetsa mankhwala enieni. Mayi wina anandinong'oneza kuti, "Mwina a m'botolowo ndi a m'sitolo, koma mukudziwa bwanji kuti anathira omwewo?" Ndinamuyang'ana n'kumva mawu anga enieni akutuluka pakamwa pa munthu wina.

Chopweteka n'chakuti chaka chisanathe madzi aja anafika ku Boma. Wokonza njinga yemwe uja anayamba kuika mabotolo pathebulo pake, akabaza n'kumathira, n'kumatamandira kuti masiku ano minga yachita manyazi. Palibe amene ankaonanso tsitsi. Koma maukonde sanabwerere patsinde pa mango. Asodzi anali atazolowera wosoka wina wa kudoko la kumwera, ndipo ngakhale amene ankadziwa bwino kuti Adada sanalakwe ankati kuli bwino kusamala. Mwana wawo anawapempha kuti asamukire ku Dwangwa, iwo anakana, anati manda a mkazi wawo ali kuno. Anayamba kuluka timadengu togulitsa pamsewu. Ndinkawapatsira ndiwo pampanda, ankalandira, ankathokoza, mbale inkabwera yotsukidwa bwino. Koma kuyambira nthawi imeneyo sanabwerekenso kanthu kwa munthu aliyense m'mudzimo, ngakhale nkhwangwa, ngakhale moto.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinkachokera ku Boma beseni lili lopanda kanthu. Patsogolo panga ndinaona munthu akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa tala, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, nsapato zakutha mbali imodzi. Anali Adada, akuchokera kukatenga mankhwala awo a mwezi ndi mwezi. Kufika kumudzi panali patatsala mtunda wa maola awiri kwa munthu wamphamvu. Ndinatsika, n'kumasula beseni, n'kulimangirira kumsana ndi chitenje. Ndinapukuta kaliyala ndi dzanja.

"Adada, kwerani. Dzuwa ili likupwetekani."

Anaima, n'kuyang'ana njinga ija nthawi yaitali, kuyambira tayala lakutsogolo mpaka lakumbuyo. Sanali okwiya. Anasuntha pang'ono kulowa muudzu, kuti ngakhale malaya awo asakhudze handulo.

"Yewo, mama, pitani bwino. Bondo lanu silinapoletu. Ndikakwera, mawa likatupanso, mudzi udzati chiyani?"

Sindinathenso kukwera n'kuwasiya m'mbuyo. Ndinakankha njinga matayala onse ali olimba, iwo patsogolo ine pambuyo, mpaka kumudzi, ndipo njira yonseyo sanacheuke.