Yadi ya sitima pansi pa thebulo la amayi

Atate, lero pophwasula kantemba ka amayi ku Nangongwe, ndatembenuza thabwa la thebulo n'kupeza mizere yanu ya pensulo. Ikuonekabe. Chaka chija makampani ankagulitsidwa, ntchito yanu yolumikiza mabogi a sitima itatha, munkakhala pakhonde n'kumajambula pathabwali yadi ya njanji yoimikamo tisitima tazitini timene munkafuna kupanga. Tsiku lina munandipatsa pensulo, ine n'kujambula njanji zisanu, zonse zothera m'mphepete. Munaseka. "Tiza, injini ikangena na mabogi umu, izachoka bwanji? Uziyamba waipasa njila yozungulukila." Tinafufuta, n'kuyambiranso.

Tisanamalize, amayi anatulukira n'kukuitanani. "Bashi Tiza, sitima sitizadya. Nifuna thabwa iyo nigulitsilepo tomato." Ndinapsa mtima, ndipo ndinkadikira kuti mukane. Inu munangoliyang'ana pang'ono, n'kulitembenuza, n'kulikhomera miyendo nokha. Za yadiyo simunatchulenso mpaka tsiku limene munatisiya. Tomato uja ndi amene anatilipirira sukulu ana anu tonse anayi, yadi yanu ili chafufumimba pansi pake. Thabwalo ndapita nalo kwanga, Atate, ndipo ndaliika mizere ili kumwamba.