Macheka Amene Ndidamanga ndi Mphira

Inu owerenga, apongozi anga aakazi adamwalira chifukwa cha ine. Anthu akwathu mpaka lero amati idali ngozi, koma ine ndikudziwa chimene ndidachita, ndipo ndatopa nako kukhala chete.

Zidachitika m'zaka za m'ma 1950, Ulongwe akutchedwabe Vila Coutinho. Ndinkagwira ukalipentala mu ofisina ya Mpwitikizi wina wasitolo, shedi yamalata mmene tinkapala zitseko ndi mawindo. Kuseri kwa khoma kudali injini yotipatsa magetsi, ndipo woiyang'anira adali a Zuze, bambo wachikulire wogontha khutu limodzi. Injiniyo idali yamakani. Inkatha kuzima katatu pa tsiku, a Zuze n'kuitukwana, kuipukusa, n'kuyakanso popanda kutiuza kanthu.

Patarawu, monga tinkamutchulira Mpwitikizi uja, atabweretsa macheka a magetsi onyamula m'manja, adapatsa ine chifukwa ndidagwirako ntchito ku Joni. Matama ake! Ndinkayenda ngati ndidawapanga ndine. Machekawo adali ndi kabatani kuchigwiriro, ukafinya amazungulira, ukasiya amaima. Adawapanga choncho dala kuti munthu asavulale, koma ine wanzerune ndidati chala chikundiwawa. Ndidadula mphira ya chubu cha njinga n'kumanga kabatani kaja kuti kazikhala kofinyika. Chivindikiro cha mano ndidachikhomera kamtengo, ati chikundichedwetsa. A Dominiko, mnzanga wapantchito, adandiletsa kawiri konse. Ndidawayankha kuti za magetsi azisiyire ife amene tidaona dziko.

Nthawiyo n'kuti nditangokwatira Nangozo, ndipo ndinkakhala chikamwini kumudzi kwawo, njira ya ku Fonte Boa. Mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sayankhulana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Koma mayi aja ankandikonda, ndinkaona ndekha. Ndikabwera nditanyowa ndinkapeza moto wosonkhedwa kale, ndipo mbatata ya kachewere ikakumbidwa, yaikuluikulu ankaitumiza kunyumba kwathu. Chaka chathunthu ndidadya za manja awo osamvapo liwu lawo likulunjika kwa ine.

Tsiku limenelo kudali mvula yamvumbi. Chakumasana ndikudula thabwa, magetsi adangoti zii. Ndidaika macheka pansi, pa mulu wa zibenthu ndi utuchi, chingwe chili chilumikizire pakhoma, mphira ili chimangire. Ndidati ndifwenthe kaye fodya.

Posakhalitsa a Dominiko adanditsina n'kunong'ona kuti apongozi ali pakhomo. Ankachokera kumsika kogulitsa nyemba, dengu lili pamutu. Ine phaa, kukabisala kuseri kwa matabwa oimika, monga mkamwini waulemu. Ndidamva akupempha a Dominiko zibenthu zokolezera moto, poti nkhuni kumudzi zidanyowa zonse. Adatinso Nangozo ndi wodwala pakati, sayenera kumagona m'nyumba yozizira. A Dominiko adawaloza mulu uja n'kubwerera kubenchi lawo kumapeto kwa shedi. Mayi adagwada, n'kuyamba kuwola ndi manja awiri.

Pamenepo ndidamva a Zuze akupukusa injini.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chidaimba. Injini ija sinkayaka kamodzi, inkatsokomola kaye katatu kapena kanayi. Itatsokomola koyamba ndidakumbukira mphira. Ndidasuzumira, ndidaona manja awo ali pafupi ndi mano a macheka. Nthawi ndidali nayo, inu owerenga, sindinama. Kukuwa kokha kukadakwana. Koma sindidakuwe. Ndiwakuwire bwanji apongozi ngati mwana? Chingwe chidali pakhoma pambali pawo penipeni, ndiye ndikawadutse pamaso, mwinanso kuwakhudza? Ndidasankha njira imene ndidazolowera, yotuma munthu. Ndidazungulira kuseri kwa matabwa kupita kwa a Dominiko, n'kuwauza motsitsa mawu kuti awauze amayiwo asunthe. A Dominiko sadamve bwino chifukwa cha mvula pamalata, adafunsa kuti ndati chiyani. Injini idayaka.

Macheka adalumpha ngati galu wachiwewe. Adawadya dzanja lamanja kuyambira pachikhatho mpaka pafupi ndi chigongono, kenaka adathamanga pansi mpaka chingwe chidazuka chokha. Mayi sadakuwe n'komwe, adangoti mayo kamodzi n'kukhala pansi, akuyang'ana dzanja lawo.

Manyazi onse adathera pomwepo, mochedwa. Ndidavula malaya n'kumanga mkono, ndidawanyamula ndi manja angawa. Tidawaika pa machila a thabwa ndi nsungwi, ine ndi a Dominiko, ulendo wa kuchipatala cha kumishoni m'matope. Amasisitere adasoka usana womwewo ndipo adayesetsa ndithu. Koma magazi adatayika ambiri, bala lidalowa dothi, ndipo patapita masiku nsagwada zidayamba kuuma. Adatiuza kuti ndi kafumbata.

Achibale atabwera kudzafunsa, mayi adati adalakwa okha, adagwira chinthu cha azungu osachidziwa. A Dominiko adachotsa mphira ija Patarawu asadaione, ndipo sadauze munthu. Ine ndidangoti chete, chitsiru chamantha.

Madzulo ena, pakamwa pasadatsekeke, mayi aja adatuma Nangozo kukatunga madzi, n'kundikodola ndi dzanja lotsalalo. Ndidagwada patali, adandikodolanso mpaka ndidafika pamphasa. Adandiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Ndidakuonani kuseri kwa matabwa kuja," adatero movutika. "Bwanji simudangondiitana, mwananga? Ndikadamva."

Ndidalira ngati khanda. Adamwalira patapita masiku awiri. Mwana wathu woyamba adabadwa mwezi wotsatira, ndipo Nangozo adachira m'manja mwa anthu ena, akuitana mayi ake. Ndidakhala naye zaka zambiri mkazi uja, adandiphikira, adandiberekera ana asanu, ndipo adatsikira kumanda osadziwa za mphira. Ndinkati ndimuuza mawa. Mtima umandipweteka koposa ndikaganiza zimenezi.

Tsono inu amene mumagwira macheka, zoboolera kapena zonolera za magetsi, ndimvereni ine. Magetsi akazima, chida sichidafe, chikungodikira. Musachiike pansi musadachizimitse pa batani lake, ndipo muzule chingwe pakhoma nthawi yomweyo, fodya ndi nkhani zibwere pambuyo. Kabatani kofinya musakamange ndi mphira kapena waya, chala chikatopa pumani. Chivindikiro cha mano chisiyeni pamalo pake. Woyatsa injini naye azifika kaye kudzaona ndi maso, n'kuuza anthu kuti magetsi akubwera.

Mwambo sindiunyoza, ndidakulira momwemo. Koma mukaona munthu ali pa ngozi, kaya ndi apongozi, kaya ndi mfumu, kuwani, mukokeni, mlandu wa chipongwe mudzalipira nkhuku iye ali moyo. Ine nkhuku ndili nazo khola lodzaza, koma woti ndikamupepese palibe.