Chimene Ndinayankha Kukhoti

Chikwama changa chinali chabuluu, zipi yoduka, moti tinkachimanga ndi mphira wa njinga. M'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali Sitandade 3, chikwamacho ndicho chinali mnzanga. Lolemba mpaka Lachisanu ndinkagona kwa amayi ku Mgona, Loweruka n'kukwera minibasi kupita kwa abambo ku Area 25, mu Lilongwe momwemo.

Banja linali litatha. Ankhoswe anakambirana mpaka malovu kuuma, koma pa za ine anakanika. Abambo kwawo ndi ku Rumphi, anapereka malowolo, ndiye kwa iwo mwana ndi wa bambo. Amayi ndi a ku Chiradzulu, ndipo amalume ankadzimenya pachifuwa: "Uyu ndi mbumba yanga! Kodi ng'ombe zinayamba liti kubereka munthu?" Nkhani inakathera kukhoti.

Ku 25 kunali mpopi pakhomo ndi magetsi, koma pakudya ankacheza m'Chitumbuka, ine kukamwa kuli yasa. Ku Mgona kunali chipinda chimodzi chonunkhira makala ndi mandasi omwe amayi ankakazinga m'mamawa, koma anzanga analeka kundiwerengera pa fulaye poti Loweruka sindinkapezeka. Ndinasungulumwa, abale, ngakhale mawuwo sindinkawadziwa.

Tsiku la mlandu kunkawomba kamphepo kong'amba milomo. Woweruza, mayi wina wamagalasi, anandiitanira ndekha m'kachipinda. Ndinagwada pasimenti, iwo anati ndikhale pampando, ndipo miyendo yanga inkangolendewera.

"Usaope, mwanawe. Iweyo ukufuna kukhala ndi ndani?"

Mtima unkakuwa kuti amayi, amayi! Koma amayi omwewo anandilera ndi lamulo lakuti mwana saloza chimene akufuna pamaso pa akuluakulu, kumeneko n'kususuka. Kwa eni ake akakufunsa umayamba wachita manyazi, akafunsa kachiwiri m'pamene umalandira ndi manja awiri. Ndiye ndinaweramitsa mutu bwinobwino.

"Kulikonse, zikomo."

Ndinadikira funso lachiwiri. Mayi aja analemba pang'ono, n'kutseka buku lawo.

Lero, poti ndakula, sindinganame kuti mawu awiriwo okha ndiwo anagamula. Akhoti anaonanso chipinda chimodzi chija, anaona sukulu. Koma abambo anali ndi nyumba, ntchito ya boma ndi akuluampingo owaperekeza. Amayi analibe mboni ina yoposa pakamwa panga, ndipo ine ndinapatseka mwaulemu.

Chigamulo chinati ndizikhala kwa abambo, kwa amayi ndizipita patchuthi. Panja amalume anandigwira paphewa. "Iwe, mkatimo unanena chiyani?" Ndinawafotokozera monyadira, ngati mwana amene wakhoza masamu. Anagwira kumutu, n'kuyamba kuyenda okha kuloza kusiteji. Ine ndinatembenukira kwa amayi.

"Amayi, ndiye andifunsanso liti kachiwiri?"

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wayankha bwino, mwanawanga. Uli ndi mwambo."

Anagwada pafumbi pomwepo, anthu akudutsa, n'kuyamba kundimanga mabatani a juzi kuyambira pansi mpaka m'khosi. Batani lomaliza linawavuta, linkangopulumuka m'zala. Abambo anali akuimba belu la galimoto kuseri kwa mpanda. Ndinadabwa kuona manja a munthu amene wangondiyamikira kumene akunjenjemera chonchija, ndipo ndinawauza kuti akafika kunyumba akaothe moto, chifukwa ine ndinkayesa ndi chisanu.