Mitengo ya pa Chitsime cha Kudambo

Perpetua wa ku Chulu anakula akutola masuku ndi matondo kutchire, koma pofika zaka za makuponi a feteleza mitengo inali itathera m'zigafa za fodya. Chaka china mvula inadula, zitsime zinaphwa, kupatula chimodzi cha pansi pa mibawa kudambo.

M'mawa wina Perpetua akutunga madzi pachitsimepo, mlamu wake Fredson anafika ndi nkhwangwa kudzadula mphanda za chigafa. Perpetua anatula ndowa, nakhala patsinde pa m'bawa.

"Chokanipo, alamu," anatero Fredson. "Fodya wanga ndilibe pomupachika."

"Mukadula, ana anu adzamwa kuti?"

Fredson anakweza nkhwangwa. Perpetua sanasunthe. Amayi odzatunga madzi anayamba kukhala pambali pake mwakachetechete, mpaka mkazi wa Fredson yemwe. Mwamunayo anaima kanthawi, kenako anatsitsa nkhwangwa, napita kukapempha malo m'chigafa cha mnzake.