Chinyezi cha Pansi pa Nimu

A Sebastiano anakulira m'bwato. Kuyambira ali mnyamata ankawolotsa anthu padambo la Shire kufupi ndi Bangula, amayi a madengu a mlamba, njinga, mbuzi zomanga miyendo, ndipo sanagwetsepo munthu m'madzi. Amene amati mkuluyu anasokonezeka mutu atakalamba abwere adzanene pamaso pa abale ake, tione ngati pakamwa patseguke.

Madzi osefukira a 2015 ndi amene anawalanda akazi awo, mayi Agnesi. Tsikulo bamboyu anali kutsidya, kupulumutsa ana a eni ake, kwawo madzi n'kulowa. Mtembo sunapezeke. M'manda munalowa thunthu la nthochi, monga timachitira munthu akapita ndi madzi. Pobwerera kumandako a Sebastiano anangoti, "Taika nthochi. Agnesi sitinamuike."

Madzi ataphwa anamanganso nyumba pomwepo, chifukwa mtengo wa nimu unatsala chiimire, ndipo patsinde pake ndi pomwe mayi Agnesi ankakhala akamapala nsomba. Kuyambira chaka chimenecho patsindepo panayamba kuoneka chinyezi, kukula kwake ngati lichero. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa la kuno likamang'amba nthaka, nkhuku kukamwa kuli yasa, pamenepo pankakhala ponyowa, pakununkha matope a kudambo. Mwa apo ndi apo pankapezeka mamba a nsomba. A Sebastiano ankasesa bwalo lonse n'kulambalala malowo, kenaka n'kuika mpando pambali pake, n'kumafotokoza za mitengo ya nsomba ndi za amene wamwalira m'mudzi.

Mwana wawo Imelda, amene amagwira ntchito ku Nchalo, zinkamuwawa kumva anthu akuseka bambo ake kuti amacheza ndi dothi. Atabwera pa tchuthi anaitana Lorenso, mmisiri wa m'mudzimo, kuti akonze pokhala pansi pa mtengowo.

"Njira ndi ziwiri, achemwali," anatero Lorenso. "Tiyale njerwa n'kuthira simenti, kapena tizike mizati n'kukhoma matabwa pamwamba, ngati nsanja yaifupi. Koma matabwa kuno ndi ndiwo za chiswe, ndipo kunsi kwake njoka zidzachita lendi."

"Matabwa," anatero a Sebastiano. "Otalikirana, mpata wolowa chala."

"Baba, simenti ndi kamodzi basi, sifuna kukonzanso," anatero Imelda.

"Simenti ilibe khomo, mwananga. Amako adzatulukira pati?"

Koma chimene Imelda ankafuna n'chomwecho, kuti pasatulukenso kanthu. Anadikira mpaka bambo ake atapita ku maliro ku Makhuwira, n'kuuza Lorenso kuti athire simenti.

"Madala akabwera, ine mukandipeza ku Mozambique," anatero Lorenso, koma ntchito anagwira.

A Sebastiano atabwerako anaima m'mphepete mwa simentiyo, n'kuigogoda ndi chidendene. Sanakalipe. Anangonyamula mpando wawo n'kukauika pakhonde.

M'mawa mwake chinyezi chija chinali pakhonde. Imelda anati ndi mkodzo wa galu, n'kuthirapo phulusa. Mawa linalo chinali m'kati mwa chitseko, pomwe galu safika. Anakolopa osauza munthu.

Masana a tsikulo kunatentha moti ngakhale njiwa zinakhala chete. Imelda anayala mphasa kuchipinda n'kugona. Chinamudzutsa ndi fungo la matope. Chitenje chake chinali chonyowa mbali imodzi, ngati munthu wochokera m'madzi anakhala momutsamira. Atagwira kumutu anapeza tsitsi lake lozizira, lolukidwa mizere iwiri yothina, malukidwe a amayi ake aja, omwe ankamuliza ali mwana. Mzere wachitatu unali woyamba chabe. Pamphasa panali mamba.

Anatuluka panja. Bambo ake anali pakhonde, akusoka ukonde.

"Baba, amayi ali m'nyumba."

"Nanga apite kuti?" anatero a Sebastiano, maso ali pa ukonde. "Pawo paja mwawatsekera. Akanakhala wina akanakwiya. Iwo angobwera kwa mwana wawo."

Imelda anakabwereka hamala yaikulu kwa Lorenso. Lorenso anati amuthandize, iye n'kukana. Anaphwanya yekha simenti yonse, manja n'kuchita matuza, mpaka dothi la patsinde linaonekera. Lisanalowe dzuwa dothilo linali litada ndi chinyezi, m'nyumba muli gwa.

Lero pansi pa nimupo pali matabwa, otalikirana mpata wolowa chala. Chiswe chinadya nkhokwe ndi mpanda, koma matabwawo sichinawayandikire. Thabwa limodzi, la pafupi ndi tsinde, siliuma. A Sebastiano amakhala pambali pake n'kumafotokoza za mitengo ya nsomba. Imelda akabwera kuchokera ku Nchalo amayamba wagwada pamenepo n'kupereka moni. Koma duku savula, ndipo masana sagona.