Wodula Magalasi ndi Piritsi la Mwana Wake

Mumsewu wa kuseri kwa siteji ya mabasi, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka mipando ya galimoto, muli kashopu kopanda chikwangwani. Eni ake aliyense amangowaitana kuti a Magalasi. Adula magalasi a m'mawindo ndi akalilole kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo amachita zinthu modekha moti anzawo a mumsewumo amawaseka kuti ngakhale kuyetsemula amayamba ayeza ndi tepi. Ntchito yawo imafuna zimenezo. Galasi amaligoneka patebulo loyala bulangete, kuikapo rula yachitsulo, n'kukoka kawilo kodulira kamodzi kokha. Ukabwereza mzere, galasi limathyokera kumene lafuna lokha.

Ntchitoyi anawaphunzitsa ndi achimwene awo, munthu wanthabwala amene ankaimba muluzu tsiku lonse. Achimwenewo atadwala matenda a maganizo anagonekedwa m'chipatala miyezi inayi. Anabwerako ndi mapiritsi, manja akunjenjemera, malovu akuchucha. Anakhala pampando wa pakhonde zaka zisanu ndi chimodzi, osalankhula zambiri, mpaka anamwalira. Amene ankawamwetsa mapiritsiwo m'mawa uliwonse anali a Magalasi. Nkhaniyi sankaikamba, ngakhale kwa akazi awo, amene anadziwana nawo maliro atapita kale.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi, wazaka zisanu ndi zinayi. Dzina lakuti Kachiwala anamupatsa ndi azakhali ake, chifukwa ukatambasula dzanja kuti umugwire umapeza wadumphira kwina. Ankayankha funso lisanathe. Ankadzuka pakati pa phunziro kukaona chimene chagwa panja. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi nsapato imodzi, osadziwa kumene inayo inatsala. Mutu wake unali wakuthwa ndithu, ankakumbukira miyeso ya mawindo imene bambo ake anatchula sabata yatha, koma kope lake linali la masamu oyamba osamaliza.

Aphunzitsi atatopa kulemba makalata, anauza makolowo kuti apite naye kuchipatala cha ana. Anapitako katatu. Adokotala, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, anafunsa mafunso ambirimbiri, ena n'kuwatumiza kwa aphunzitsi papepala. Pomaliza anati vutoli m'mabuku awo amalitcha ADHD, ndipo si mwano kapena kulekerera kwa makolo. Anati pali njira zomuphunzitsira mwana kunyumba ndi kusukulu, palinso piritsi lomwa m'mawa limene limathandiza ana ambiri. Atangomva za piritsi, a Magalasi anatenga chipewa chawo, kuthokoza, n'kutuluka.

Mayi a Kachiwala amachapa ndi kusita ku hotela, ndipo ndiwo ankayankha foni ya kusukulu ali pakati pa ntchito. Iwo ankafuna piritsilo liyesedwe. Madzulo amenewo, mwana akusamba, anafunsa amuna awo chimene anathawira. A Magalasi anangoti mwana wawo sadzamwa mankhwala a m'mutu iwo ali moyo. Anakangana monong'ona mpaka anagwirizana kuti teremu imodzi ayese njira ya bamboyo, ikakanika akambiranenso.

A Magalasi anaigwira nkhaniyo ngati ntchito ya kushopu. Anayamba kudzuka molawirira n'kumathamanga naye kuzungulira bwalo la mpira asanapite kusukulu, iwo akupuma wefuwefu pambuyo. Anachotsa maswiti ndi zakumwa zotsekemera m'nyumba. Pachitseko anamata pepala lojambulapo mswachi, yunifolomu, nsapato ziwiri ndi chikwama. Anapempha aphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo, kutali ndi windo. Ntchito ya kusukulu ankaigawa timagawo ta mphindi khumi. Azakhali aja anati zonsezi n'kutaya nthawi, mwanayo akungofunika kakwapu. A Magalasi anali atamukwapulapo kamodzi, ndipo mmene mwanayo anawayang'anira, osamvetsa n'komwe chimene walakwa, sanafune kuonanso.

Zina zinathekadi. Nsapato zinayamba kubwera zonse ziwiri. Koma sabata yachisanu ndi chiwiri, Kachiwala anadumpha pa desiki atagwira sizasi, n'kumukanda mnzake pafupi ndi diso. Sanachite dala, ndipo analira kuposa wokandidwayo. Akuluakulu a sukulu anati akhale kunyumba sabata imodzi.

Ku hotela salola ana. Azakhali anakana, anati nyumba yawo ili ndi zinthu zosweka. Motero Lolemba a Magalasi anapita naye kushopu, kumene magalasi amaima motsamira makoma onse anayi. Anajambula mzere ndi choko pansi, pakona ya kumbuyo, n'kumuikira kampando, mapepala ndi makrayoni. Anamuuza kuti mzerewo asaudutse, zivute zitani. Mwanayo analonjeza. Tsiku limenelo a Magalasi anawononga magalasi awiri, chifukwa diso lina linali pa rula, lina lili pakona.

Lachitatu kunabwera kalipentala kudzatenga galasi lalikulu la pawindo la sitolo, lotalika kuposa munthu. Analinyamula awiri, choimika, kalipentala kutsogolo, a Magalasi pambuyo, akuyenda pang'onopang'ono kulowera pakhomo. Nthawi yomweyo panja panadutsa munthu atanyamula ana agalu m'katoni. Kachiwala anawaona. Galasi lopukuta bwino silioneka, ndipo iye anathamanga molunjika pakhomo ngati palibe chilichonse pakati.

A Magalasi sanapeze mpata wokuwa. Anakhotetsa thupi n'kukokera galasilo kumbali, ndipo linagunda felemu ya chitseko n'kuphulika. Mwanayo anadutsa pansi pa chigongono chawo osakandika n'komwe. Chidutswa chachikulu chinatsetsereka n'kuwang'amba mkono wamanja kuyambira pachigongono mpaka pafupi ndi dzanja. Kalipentala anavula malaya ake n'kumanga balalo, wowotcherera uja anaimitsa galimoto, ndipo onse anathamangira kuchipatala, Kachiwala atakhala pakati.

Atawasoka, anakhala pabenchi kudikira mayi a Kachiwala kuti abwere kuchokera ku hotela. Mwanayo ankayang'ana bandeji.

"Adadi, mzere uja sindinauiwale," anatero. "Ndinaukumbukira nditaudutsa kale. Nthawi zonse ndimakumbukira nditachita kale."

A Magalasi anamuuza kuti asadandaule, mkono upola.

"Mankhwala amene mumakangana ndi amayi aja, akanandiimitsa?"

Sankadziwa kuti mwanayo ankamva zonse ali kubafa. Anamuyankha zoona, kuti sakudziwa.

Sabata yotsatira anabwerera kwa adokotala aja, iwo ndi akazi awo. Asanakhale n'komwe pansi, a Magalasi anayamba kufotokoza za achimwene awo: manja onjenjemera, mpando wa pakhonde, ndi dzanja lawo lomwe limene linkapereka mapiritsi. Mayi a Kachiwala anali kumva zimenezi koyamba, ndipo anangoyang'ana pansi. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto. Anati matenda a achimwenewo anali ena, mankhwala akenso ena. Sanabise kuti piritsi ili nalo lili ndi zovuta zake: ana ena amataya chilakolako cha chakudya, ena tulo timawavuta, ndipo ena siliwathandiza n'komwe. Anati ayamba ndi mlingo wochepa, azimuyeza thupi pafupipafupi, ndipo akaona kuti mwanayo wasanduka munthu wina abwere adzalisiye. Kuthamanga kuja ndi pepala la pachitseko anati zisaleke.

Anayamba Loweruka kuti onse akhale pakhomo. Piritsilo anapereka ndi mayi ake. A Magalasi anakhala pabalaza, mkono uli pachifuwa, nyuzipepala ili pamiyendo koma osawerenga. Patapita ola, Kachiwala anakhala patebulo n'kuyamba kujambula. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi atatu. M'nyumba munali zii, ndipo bata limenelo linawakumbutsa achimwene awo. Ankayang'ana manja a mwanayo, ankayang'ana pakamwa pake. Atalephera kupirira anamuitana. Sanayankhe. Anamuitananso mokweza, ataimirira.

"Adadi, mukundisokoneza," anatero mwanayo mokwiya, osakweza mutu. "Ndatsala ndi mchira wokha."

A Magalasi anakhalanso pansi. Koma masana Kachiwala anangodya masipuni awiri n'kukankha mbale.

Pofika sabata yachitatu, siketi ya yunifolomu inayamba kukhwepa m'chiuno. Madzulo, mphamvu ya piritsi ikamatha, ankalira pa zinthu zazing'ono. Tsopano amene anatembenuka anali mayi ake. Anati iwo sanavomere kuti mwana wawo aonde, ndipo botolo la mapiritsilo akufuna kukalitaya kuchimbudzi. A Magalasi, amene aliyense ankayembekeza kuti anena kuti ndinanena ine, analitenga n'kuliika m'thumba la jekete. Anati aphunzitsi atumiza kope lokhala ndi masamu omaliza mpaka pansi, ndipo nkhaniyi akaithetsera kwa adokotala, osati kuchimbudzi. Masiku awiri sanalankhulane bwino.

Adokotala anachepetsako mlingo, n'kuwalangiza kuti mwana azidya kaye mokwanira m'mawa asanamwe piritsi, ndipo madzulo njala ikabwera asamuletse kuwonjezera. Thupi linasiya kutsika, ngakhale silinabwererebe pamene linali. Aphunzitsi akuti m'mawa amakhazikika, koma ikamakwana nthawi yoweruka amakhala Kachiwala yemwe uja. Zala ziwiri za a Magalasi zidakali dzanzi, moti magalasi aakulu amayamba aitana wowotcherera kuti awagwirire. Adzaonananso ndi adokotala pakatha miyezi itatu, ndipo iwo ndi akazi awo sanagwirizanebe ngati piritsilo lidzapitirire chaka chamawa.

Mwezi watha mnzake wa m'kalasi anaitana Kachiwala kuti akacheze kwawo Loweruka. Aka kanali koyamba kuti mwana wina amuitane. Adokotala anali atanena kuti masiku opanda sukulu makolo akhoza kusankha okha ngati mwana amwe piritsi kapena ayi, ndipo m'mawa umenewo mkangano unayambiranso kukhitchini: mayi akuti apume kuti akadye bwino kwa eni ake, bambo akuti kunyumba kwa eni kuli masitepe ndi mwana wakhanda. Pomaliza anamufunsa mwiniwake. Kachiwala anaganiza kaye, akuluma chala, n'kunena kuti amwa, chifukwa akufuna adzamuitanenso.

A Magalasi anamuperekeza mpaka pageti. Anapatsa mayi a mnzakeyo nambala ya foni, n'kuibwereza kawiri. Geti litatsekedwa anawoloka msewu n'kuima pansi pa mtengo, akumvetsera phokoso la ana kuseri kwa mpanda. Anaima pamenepo mpaka mlonda wa nyumba yoyandikana anabwera kudzawafunsa ngati asochera. Anati ayi, ndipo anauyamba wa kushopu, foni ili m'manja.