Shawelo Imene Inkamva Hutala ya Mgodi

Inu amene mwayesa chinthu kambirimbiri koma chikukanikabe, imvani za Esnath wa ku Wankie, ku migodi ya malasha ya ku Rhodesia. Ine nkhani yake imandisiya kukamwa kuli yasa mpaka lero.

Munali mu 1956 pamene amayi a kalabu ya kutchalitchi anaseka shawelo yake mpaka kugwira nthiti. Pakati inalukidwa bwinobwino, koma m'mphepete munali zomvetsa chisoni. Pena panali pothina ngati kukamwa kwa thumba, pena polendewera moti khanda likanapisapo dzanja. Ataiyala patebulo inakana kugona.

"Amake Joana, uwu ndi ukonde," anatero mayi wina. "Tikaphere nsomba ku Zambezi."

Esnath sanali kulukira kukongola ayi. Mwamuna wake Obedi, amene anabwera naye kuchokera ku Ntcheu, anali atafera pansi pa mgodi wa malasha. Nyumba ya m'komboni inali ya munthu wogwira ntchito, choncho pakutha kwa mwezi iye ndi mwana wake Joana anayenera kutuluka, kukakwera sitima yobwerera kwawo pa siteshoni ya Thomson Junction. Kwawo kunalibe wowalandira, ndipo manda a Obedi anali ku Wankie komweko. Koma kuseri kwa tchalitchi kunali kachipinda koti apatse mayi wophunzitsa atsikana kuluka. Shawelo ija ndiyo inali mayeso ake.

Mai Muriel, mkulu wa kalabu, anaipinda n'kumubwezera. "Kwatsala masabata atatu. Mukabweretsa zomwezi, chipinda tipatsa wina."

Pobwerera anadutsa pakhomo pa a Feliciano, bambo wa ku Tete amene anakalambira pa ntchito yolumikiza zingwe zachitsulo zokokera ngolo za malasha. Maso anali atafa kalekale, koma makutu ndi zala zinali zamoyo kuposa za ife openya.

"Mapazi anu akulemera lero, amake Joana. Mwanyamula chiyani?"

Anawapatsa shawelo mwamanyazi. Bamboyo anayendetsa zala m'mphepete pang'onopang'ono, kenaka anaima.

"Pothinapa hutala ya m'mawa inalira. Apanso ya masana. Polendewerapa munalira ndinu."

Panalibe amene anawauzapo bamboyo zimenezi, ngakhale Esnath mwini sanali kuzidziwa. Tsiku limene Obedi anamwalira, hutala, lipenga lija la pamgodi, inalira nthawi yosayenera, kulira kosalekeza. Chiyambire tsikulo, ikangolira kuitana anthu kuntchito, zala zake zinkafinya ulusi. Ikaleka, mphamvu zinkamuthera, ulusi n'kumangoyenda wokha. Maliro onse anali atalembedwa m'mphepete mwa shawelo, ndipo munthu wakhungu anawawerenga ngati kalata.

"Chingwe cha ngolo sichiduka ndi katundu, aikona," anatero a Feliciano. "Chimaduka ndi kukoka modzidzimutsa. Ife tinkachizunguliza pa gudumu kuti chizibwera mofanana. Inunso ulusi musaugwire ndi mtima, mtima umasinthasintha. Uzungulizeni kawiri pa chala chaching'ono, chalacho chikhale gudumu lanu."

Esnath anakamasula mphepete yonse. Ulusi unatuluka wopotanapotana, ndiye anauwongola pa nthunzi ya ketulo n'kuupachika atamangirira kamwala kumapeto. Anausunga m'chitini choboola chivindikiro, chifukwa fumbi la ku Wankie silimvera chisoni chinthu choyera. Koloshi yake, kachitsulo kolukira kaja, inali yaikulu, motero anasula ina yaing'ono kuchokera ku sipoko ya njinga.

Kenaka anachita chinthu chimene ine ndimachigomera. Mkazi wina akanamabisa manja nthawi ya hutala n'kumaluka ikatha. Iye ankaidikirira dala. Nthawi ikayandikira ankakhala pakhonde, koloshi m'manja, kuti imupeze akuluka.

Madzulo alionse ankapita nayo kwa a Feliciano, ndipo chala chawo chinkaima pamalo pomwepo.

"Apa. Masulani."

Anamasula kasanu ndi kawiri. Tsiku lina anapsa mtima n'kuiponya pansi. "Bambo, ndi ndani angaone kamfundo kamodzi kameneka?"

"Ine wopanda maso ndakaona. Masulani."

Anaitola, anaisasa fumbi, n'kuyambiranso.

Tsiku la mayeso anaiyala patebulo lija ndipo inagona phee, mano ake a m'mphepete ofanana onse. Amayi oseka aja anangoyang'anana. Koma Mai Muriel anakayika.

"Mwaluka ndinu imeneyi? Masulani kona iyi, mulukenso tikuona."

Esnath anamasula, anazunguliza ulusi pa chala, nayamba. Atangofika pakati pa kona, hutala ya masana inalira. Amayi onse anatembenukira kumgodi, pakuti aliyense anali ndi munthu wake wogwira ntchito pansi pa nthaka. Misozi inatsika m'masaya mwa Esnath mpaka kudontha pachifuwa, koma koloshi inangopitirira, kulowa, kukola, kutuluka, osafulumira, osachedwa. Mai Muriel anaonetsetsa manja amenewo mpaka kona inatha, kenaka anamasula kiyi pa mpango wawo n'kumuikira patebulo.

Esnath sanathamangire kukaona chipinda. Anapita kaye kwa a Feliciano n'kuwaikira shawelo pamiyendo. Zala zawo zinazungulira mphepete yonse kamodzi, n'kuzunguliranso kachiwiri.

"Kodi hutala yalira lero, mwanangu?"

"Inalira, bambo. Inandipeza ndili pa kona."

"Kona iti? Ine sindikuipeza."

Bamboyo anavula chipewa, ndipo anakhala nthawi yaitali osachibwezera kumutu.

Joana anakulira m'kachipinda kaja, pafupi ndi manda a bambo ake. Atsikana ambiri a m'komboni anaphunzira kuluka m'manja mwa Esnath, ndipo phunziro loyamba linali kumasula.

Owerenga anzanga, hutala sinaleke kulira chifukwa choti Esnath anali pa chisoni, ndipo yanunso siidzaleka. Ngati ntchito yanu yathina pena n'kulendewera pena, musaitaye kudzala. Masulani, muzungulizenso ulusi pa chala, ndipo ikamalira ikupezeni mukuluka. Mtima wokha ndiwo musaumasule.